Mota Yomwe Ndinaikulunga M'jumbo

Zala ziwiri za kudzanja langa lamanja sizipindika. Ndinaziwotcha ndekha, masanasana, anthu a pa Ulongwe akuonerera, chifukwa cha kagalimoto koyendetsa ndi rimoti kotalika ngati mkono wanga. Sekani ngati mukufuna, ena anaseka kale. Koma kagalimotoko kanapsera limodzi ndi ulendo wanga wa ku Joni, ndipo palibe amene anandilodza kapena kundichitira nsanje. Ndinazichita ndekha. Inu owerenga, makamaka anyamata anzanga a m'makonde amene mumati chilichonse chokhala ndi waya mumachidziwa, mvetserani bwino chifukwa sindibwereza.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Zifukwa zinalipo zingapo, koma chomwe sindiiwala ndi tsiku limene a Kamwendo, aphunzitsi athu a masamu ndi sayansi, anawerenga malikisi anga mokweza n'kundiuza kuti ndiimirire, anthu aone nkhope ya munthu wopeza 9 pa 100. Atsikana anaseka mpaka misozi. Sabata yotsatira sindinapitenso. Ndinayamba kukhala pakhonde la sitolo ina pamsika, kukonza matochi, mawailesi, kenako mafoni. Palibe anandiphunzitsa. Manja anga anali abwino, kawaya kochepa ngati tsitsi ndinkakawotcherera osanjenjemera. Koma zaka zinayi pakhonde limodzi, kumwa fumbi la maminibasi, zimamuwawitsa mtima munthu.

Amalume anga, mlongo wawo wa mayi, omwe timawatchula kuti a Mjomba, akhala ku Joni zaka zambiri. Amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa ndi kukonza timagalimoto ta mpikisano. Kumeneko akuti si masewera a ana, ndi madoda a ndevu zawo amene amathera Loweruka lonse akuthamangitsa timeneti. Atabwera kutchuthi mwezi wa Okutobala, anabweretsa kamodzi ka matayala a minga, kotsika, kokhala ndi phiko kumbuyo. Ankakatchula kuti bagi. Anandiitana kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti abwana awo akufuna munthu wina wa manja abwino, ndipo awauza kuti akasankhe okha kumudzi. Pasipoti ndinali nayo kale, ikungoyendedwa ndi mphemvu m'sutikesi.

Koma a Mjomba sapereka chinthu chaulere. Anati Loweruka likubweralo mnzawo wa ku Balaka abwera ndi bagi yake, yomwe anamubweretsera ulendo wapita, kuti ziwirizi zidzathamange mphindi zisanu pabwalo la kuseri kwa msika. Ine ntchito yanga inali kusankha mota ndi giya, kumanga, ndi kuyendetsa.

"Ndikufuna bagi inyamuke, imalize, ibwerere m'manja mwanga ili bwinobwino. Ukatero, mphwanga, Insha Allah Lolemba tikwera basi limodzi."

Nditafunsa dzina la mnzawoyo, anati ndi a Kamwendo. Omwe aja. Anawasamutsira ku Balaka, ndipo bagi yawo ankaphunzitsira ana sayansi. Kuyambira pamenepo mawu onse a a Mjomba ankangodutsa. M'mutu mwanga munatsala chinthu chimodzi: munthu ameneyu ndimuimiritsa pamaso pa anthu monga anandiimiritsira ine.

Anandisiyira bokosi. Munali mamota awiri ndi timagiya titatu m'timapepala ta pulasitiki. Mota ina inali yofatsa, yolembedwa 17.5, ina yolusa, yolembedwa 8.5. Nambala ikachepa ndiye kuti waya wa m'kati anakulungidwa maulendo ochepa, mota imazungulira mwamisala, koma imamwa moto wambiri ndipo imatentha msanga. Timagiya tija ndi tomwe timamangidwa kunsonga kwa mota n'kumaluma giya yaikulu ya mano 81, yomwe imatembenuza matayala. Kena kanali ka mano 17, kena 20, kena 25. Kagiya ka mano ambiri kamapatsa liwiro, koma mota imavutika kukakankha. N'chimodzimodzi wakabaza amene wanyamula matumba awiri a chimanga n'kuika njinga m'giya yolemera. Patala athamanga ndithu, koma akalowa mumchenga miyendo iyaka moto.

A Mjomba anandipatsa lamulo limodzi lokha, ndipo analinena kawiri. Yendetsa pansi mphindi ziwiri, imitsa, ika chala pa mota, werenga mpaka faifi. Ukalephera kufika faifi, chepetsa mano. Atatero ananyamuka kupita ku Nselema kwa akazi awo, akuti abwera Loweruka lomwelo.

Sindinaganize ndi komwe. Ndinamanga mota yolusa ndi kagiya ka mano 25. Ndinaikhazika bagi pa njerwa pakhonde panga, matayala ali m'malere, n'kukoka rimoti. Inalira ngati makina ocheka matabwa. Matayala anafufuma n'kukhala ngati mbale. Anyamata a kabaza anasiya njinga zawo n'kudzandizungulira, wina anaitcha Ndege, dzinalo linakhala lomwelo. Ndinagwira mota, inali yofunda chabe. Ndinati nkhani yatha. Ife okonza zinthu pakhonde tinazolowera choncho: wailesi ikalira patebulo ndiye kuti yakonzeka, mwini wake atenge. Sindinaganize zoti matayala ozungulira m'malere sakukankha kanthu.

Lachitatu a Kamwendo anabwera pa njinga yamoto kudzaika njerwa zosonyeza njira pabwalo. Anaima pakhonde panga, thukuta lili kamukamu, n'kundipatsa moni ngati palibe chinachitikapo pakati pathu. Anasuzumira m'bagi, n'kuwerenga mano a kagiya ndi nsonga ya cholembera. Anaimba kamluzu. Kenako anang'amba kachidutswa ka katoni n'kulembapo 81 kugawa ndi 25, pansi pake 81 kugawa ndi 17.

"Tapeza mayankho awiriwa, uone kuti mota yako ikunyamula katundu wotani. Bwalo lija ndi mchenga, mwana wanga, ndipo dzuwa la kuno ukulidziwa. Kapena paja iwe ndi kugawa simunkamwerana madzi?"

Anyamata a kabaza anaseka. Mwina ankangocheza, sindikudziwa. Ine ndinamva ngati ndabwerera m'kalasi muja. Ndinawayankha kuti, "Aphunzitsi, kuno si kusukulu. Loweruka mudzabwere ndi choko, mudzalembe fumbi langa." Kakatoni kaja ndinakakankhira pansi pa tebulo ndi phazi iwo akuona. Anangogwedeza mutu n'kuliza njinga yawo.

Inu owerenga, apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri. Malangizo anali olondola. Ndinawakana chifukwa cha pakamwa pomwe anatulukira.

Lachinayi masana ndinapita nayo kubwalo. Njira ya a Kamwendo inali ndi mbali imodzi yowongoka, youma gwa, ndi ngodya zinayi, ziwiri mwa izo zili mumchenga wakuya momwe madzi amadutsa nthawi ya dzinja. Pamalo owongokapo Ndege inali ndege ndithu, maso ankalephera kuitsata. Koma ikatuluka mumchenga inkabuula kaye, ngati munthu wodzuka ndi katundu kumutu. Zitatha mphindi ngati zitatu inangoima yokha pakati pa njira. Kabokosi kolamulira liwiro, kamene kamakhala pakati pa batire ndi mota, kanali kakuphethira kagetsi kofiira. Ndinachotsa chivundikiro cha bagi n'kuika chala pa mota. Sindinafike ndi pa thuu pomwe. Ndinachotsa chala n'kuchiika m'kamwa.

Munthu wanzeru akanabwerera pakhonde n'kumasula kagiya. Ndi ntchito ya kasikuluwu kamodzi. Koma kuchepetsa mano kunali kuvomereza kuti a Kamwendo ananena zoona, ndiye ndinafunafuna wina womunamizira. Ndinamupeza: fumbi. M'kati mwa bagi munali mutadzaza fumbi lofiira, ndipo ine moyo wanga wonse ndakhala ndikuona fumbi likupha mawailesi ndi mafoni. Kwathu kuno rimoti ya kanema timaisunga m'pulasitiki mpaka kukalamba, wailesi timaifunditsa kansalu. Ndinadziuza kuti azungu anapanga chinthuchi sadziwa fumbi la Ulongwe, ine ndiye ndikulidziwa.

Lachisanu, anthu atapita kumzikiti ku pemphero la Juma, ine ndinatsala pakhonde. Ndinatenga jumbo yabuluu, ya mtundu womwe timagulira tomato, n'kukulunga mota yonse pamodzi ndi kabokosi kolamulira liwiro. Ndinamata ndi tepi yakuda mozungulira, osasiya ndi kabowo komwe. Kabokosiko kanali ndi kafani kake kakang'ono kokapepesera mphepo, nakonso ndinakatsekera m'katimo. Ndinaiyang'ana ntchito yanga n'kuona kuti ndi yaukhondo.

Sindinalekere pomwepo. Ndinafufuza pafoni tanthauzo la kagetsi kofiira kaja, ndipo ndinapeza kuti kabokosiko kamazimitsa bagi dala kakaona kuti kutentha kwapyola. Zinalembedwa poyera, ndinaziwerenga ndi maso angawa. Koma pansi pake panalinso njira yochotsera chitetezocho, kungodina kabatani maulendo angapo. Pakhonde, fyuzi ikamapsaipsa sitifunsa chomwe chikuipsereza, timalumphitsa waya kuti kasitomala asabwerenso mawa. Ndinachita chimodzimodzi. Ndinadina kabatani, kagetsi kanaphethira kobiriwira, ndinavundikira bagi n'kutseka timapini take tinayi. Sindinaiyesenso, ndinkaopa kuti a Kamwendo angamve mbiri ya liwiro lake n'kusintha yawo.

Loweruka kunatentha moti agalu anabisala pansi pa mabenchi. A Mjomba anafika mochedwa, pemphero la masana litatha, anthu atadzaza kale pabwalo. Kunali anyamata a kabaza, ogulitsa chipisi, ngakhale azimayi ogula nandolo omwe anaunjika matumba awo m'mphepete mwa bwalo pafupi ndi ngodya yachitatu. A Mjomba anainyamula bagi, anapukusa matayala ndi dzanja, koma chivundikiro sanachotse. Anandiyang'ana m'maso.

"Waiyesa pansi?"

"Eya, a Mjomba."

"Chala unafika faifi?"

"Mpaka teni, a Mjomba. Yozizira ngati madzi a mumtsuko."

"Chambone," anatero m'Chiyao, kutanthauza kuti chabwino, n'kundibwezera bagi.

Bodzalo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa ndekha.

A Kamwendo anaika yawo pamzere. Inali yakale, phiko lomangidwa ndi waya. Ndinamva kuti anamanga mota yofatsa ndi kagiya kakang'ono. Wogulitsa chipisi wina anaimirira pa benchi ndi foni yowerengera nthawi, n'kukuwa kuti tiyeni.

Ndege inachoka ngati yaponyedwa ndi legeni. Pofika ngodya yoyamba ya a Kamwendo inali isanafike ndi theka la njira yowongoka. Bwalo lonse linaphulika. Anyamata ankathamanga m'mbali akukuwa dzina la Ndege, wina ankaimba belu la njinga. Mphindi yoyamba isanathe bwino ndinali nditawazungulira kamodzi. Ndikuwadutsa ndinakuwa osawayang'ana, "Aphunzitsi, gawani ndi 25!" Anthu anaseka, ndipo ndikuuzeni zoona, zaka zinayi zonse sindinamvepo kukoma ngati kwa nthawi imeneyo. Bagi ya a Kamwendo inkangoyenda mwakachetechete, kulowa mumchenga, kutuluka, liwiro lomwelomwelo.

Mphindi yachitatu ndinayamba kuimva m'zala. Ndikakoka rimoti potuluka mumchenga, Ndege inkachedwa kuyankha. Kulira kwake kunasintha, kunakhala kosasa. Itadutsa pafupi ndi pomwe tinaima, fungo linandipeza. Aliyense wokonza zamagetsi amalidziwa fungo limenelo, la vanishi wa waya akamapsa, losakanikirana ndi pulasitiki. A Mjomba analimvanso. Anandigwira paphewa.

"Imitsa."

Ndinayang'ana kwa wa chipisi uja. Anakweza zala ziwiri, kutanthauza kuti kwatsala mphindi ziwiri. Ndinali patsogolo ndi maulendo awiri athunthu. Ndinaganiza kuti ndikangochepetsa pang'ono ifika.

"Iwe, ndati imitsa!"

Sindinaimitse. Ndinagwedeza phewa kuti dzanja lawo lichoke, n'kukoka rimoti mpaka kumapeto pa njira yowongoka ija. Inu owerenga, amalume anga enieni, pamaso pa anthu, ndinawakankha dzanja ngati ntchentche.

Ndege inalowa ngodya yachitatu ikutulutsa kautsi kopyapyala kumbuyo. Ndinapotoza chiwongolero cha pa rimoti, sinamve. Inapitirira molunjika, inadumpha njerwa, n'kukaima yokha itatsamira thumba la nandolo. Kenako kunamveka kufwenthera ngati tayala likuphwa, utsi woyera unatuluka mbali zonse za chivundikiro, ndipo lawi linatumphuka. Mawaya anali atasungunuka n'kugundana, batire linatupa n'kung'ambika. Azimayi aja anakuwa. Matumba analipo oposa khumi, ouma, ounjikana, ndipo kuseri kwake kunali mpanda wa udzu wa malo ogulitsira chipisi.

Ndinathamanga. Sindikudziwa ngati ndinkapulumutsa nandolo kapena ndinkafuna kubisa jumbo ija anthu asanaione, mwina zonse ziwiri. Ndinaigwira bagi ndi dzanja lamanja n'kuikokera pabwalo. Chivundikiro chinali chitafewa, zala zinalowa m'kati, ndipo jumbo yosungunuka pamodzi ndi tepi zinandimata pa chala cholozera ndi chapakati. Pulasitiki yoyaka siigwedezeka, imakakamira n'kumapitiriza kudya. Ndinakuwa mawu omwe sindingawalembe pano.

Wina ankathamanga ndi chidebe cha mafuta okazingira chipisi akuyesa ndi madzi. A Kamwendo ndi amene anamukankha, akukuwa kuti mchenga, mchenga! Anagwada ndi thalauza lawo lakutchalitchi n'kuyamba kukwirira bagi ndi manja, anyamata a kabaza n'kuwathandiza. Thumba limodzi linapsa pakona, lawi analizimitsa ndi nsapato. Kenako a Kamwendo anandigwira pamkono, anandiviika dzanja m'ndowa ya madzi ya mayi wina wogulitsa tomato, n'kundikweza pa njinga yawo yamoto. Njira yonse ya kuchipatala ndinali nditatsamira msana wa munthu amene ndinkafuna kumuchititsa manyazi. Sananene chilichonse chokhudza magiya. Ankangoti, "Limba, mwana wanga, tafika." Ndikanakonda akanandinyoza.

Lamlungu m'mawa a Mjomba anabwera kunyumba atanyamula zotsala za bagi m'katoni. Mayi anatuluka n'kutisiya awiri. Anaika katoniyo pamkeka n'kutulutsa mota, yakuda bii, zidutswa zabuluu za jumbo zitamatirirabe. Anaitembenuza kangapo. Ndinayamba kufotokoza za fumbi, anandidula ndi dzanja. Anafunsa ngati bagi inazimapo yokha m'kati mwa sabata. Ndinavomera kuti Lachinayi. Anafunsa chifukwa chomwe sinazime Loweruka. Ndinawauza za kabatani.

Kenako analankhula motsitsa, osakalipa ndi pang'ono pomwe. Anati m'sitolo momwe amagwira ntchito muli mashelefu odzaza mabatire a mtundu womwewo, ndipo pamwamba pa sitoloyo pamagona mabanja ndi ana awo. Anati kusankha giya yolakwika si mlandu, aliyense anayambira pomwepo, iwonso anawotchapo mamota awiri chaka chawo choyamba.

"Koma bagi inakuuza Lachinayi kuti ikupsa, iwe unaitseka pakamwa. Ine ndinakufunsa, unandinamiza. Ndinakuuza kuti imitsa, unandikankha. Ndikakuika m'sitolo muja, ndidzagona bwanji?"



Lolemba anakwera basi okha. Sindinawaperekeze, ndinaima patali kuseri kwa minibasi ina, dzanja lili m'bandeji. Patapita miyezi iwiri ndinamva kuti malo aja anatenga mnyamata wina wa kwa Kawinga, wachibale wa akazi awo, amene sanagwirepo chowotcherera waya chibadwire. Akuti ndi wochedwa kugwira zinthu, koma akauzidwa kuti werenga mpaka faifi amawerenga mpaka faifi.

Zala zinapola koma khungu linakokana. Kawaya ka foni sindingakagwirenso, kapanira kamandipulumuka. Pakhonde ndikadalipo, koma tsopano ndimangotchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'makadi. Anyamata a kabaza amanditchula Ndege. Poyamba ndinkamenyana nawo, pano ndimangoyankha.

Tsiku lina ndikusesa ndinapeza kakatoni ka a Kamwendo pansi pa tebulo, kodetsedwa ndi fumbi koma manambala akuonekabe. Ndinatenga foni ya kasitomala n'kugawa ndi chala chamanzere. Ndi kagiya ka mano 25, mota imazungulira katatu kokha ndi pang'ono kuti giya yaikulu izungulire kamodzi. Ndi ka mano 17 imazungulira pafupifupi kasanu, katundu yemweyo n'kumugawa m'mitolo ing'onoing'ono. Basi. Zinali zomwezo. Sizinanditengere ndi mphindi imodzi yomwe.

Ndiye inu amene mwagwira timagalimoto timeneti, kaya china chilichonse chokhala ndi mota, imvani kwa munthu wopsa. Kuno ndi kwa mchenga ndi dzuwa, yambani ndi mota yofatsa ndi kagiya ka mano ochepa, mukwere pang'onopang'ono chala chikakulolani. Musayesere patebulo matayala ali m'malere, patebulo chilichonse ndi ndege. Mota imafuna mphepo kuposa momwe imaopera fumbi, fumbi mupukuta madzulo. Chinthu chikazima chokha, chikukuuzani kanthu, musachilumphitse waya. Ndipo munthu amene mumadana naye akakulemberani manambala pa katoni, mudaneni ndithu ngati mukufuna, ine sindine shehe woti ndikuyanjanitseni, koma katoniyo tolani.

Kagiya ka mano 17 a Mjomba anakaiwala, kapena anakasiya dala, sindikudziwa. Kali m'kabati ya tebulo langa, m'kapepala kake komwe kaja, kosatsegula. Kumasula kolakwika n'kumanga kameneka inali ntchito ya kasikuluwu kamodzi. Lero ngakhale nditafuna, zala zogwirira kasikuluwuko ndilibe.